Oakley itagulidwa ndi Luxottica, phindu ndi masheya zinayenda bwanji? Odziwa tandithandizeni

Dzungu265

Akuluakulu odziwa za masheya ndili ndi funso. Ndakhala ndikuwerenga za Oakley, kampani ya magalasi a dzuwa ya ku America ija, amene amakonda kuvala anthu opalasa njinga ndi osewera cricket aja. Zomwe ndapeza nzoti mu 2007 inagulidwa ndi Luxottica ya ku Italy pa madola 2.1 biliyoni, ndipo Luxottica yomweyo ndi imene inagulanso Ray-Ban mu 1999. Nde pa intaneti anthu akulemba zosiyana, ena akuti Oakley inachita kufinyidwa mpakana inagonja, masheya ake anagwetsedwa kaye kenako nkuigula motchipa, ena akuti ayi eni masheya anadya bwino chifukwa anapatsidwa mtengo oposa wa pamsika. Ziwiri zonsezi zingakhale zoona bwanji?

Chomwe ndikufuna kumvetsa kwenikweni nchoti kampani ikamagulidwa chonchi mtengo wa sheya umakwera kapena umatsika, ndipo wa ndani, wa wogula kapena wa wogulidwa? Ine ndimaona ngati wogula ndi amene akuyenera kukwera poti ndi amene akukula. Komanso phindu la brand yogulidwayo limatani, limakuladi kapena amangokweza mtengo wa magalasi basi ogula nkumalipira? Ndili ndi timasheya tochepa pa Malawi Stock Exchange nde ndikufuna ndidziwiretu kuti tsiku lina kampani yomwe ndinaikako ndalama ikadzagulidwa ndidzayembekezere chani. Chonde fotokozani mosavuta, ine sindinapange za accounts.

Ankolo_Masheya

Mphwanga poyamba chotsa kaye maganizo oti wogula ndi amene amakwera. Nthawi zambiri amene amadumpha tsiku lomwe alengeza ndi wogulidwa, ndipo chifukwa chake nchosavuta, palibe amene angakugulitse sheya yake pa mtengo omwe atha kuupeza pamsika mawa lomwe popanda iwe, nde wogula amayenera kuikapo premium, ndalama yapamwamba pa mtengo wa pamsika, kuti eni masheya avomere kusiya kampani yawo.

Ku Oakley zinayenda chonchi. Mu June 2007 Luxottica inalengeza kuti ilipira $29.30 pa sheya iliyonse, kashi, pomwe sheyayo imagulidwa cha m'ma $25, ndekuti pamwamba panali pafupifupi 16 peresenti. Msika utangotsegula sheya ya Oakley inakwera kufika pafupi ndi mtengo olonjezedwawo nkuima pomwepo, siinapitirire, chifukwa ndani angagule pa $35 chinthu chomwe akudziwa kuti pakatha miyezi yochepa amupatsa $29.30? Kuyambira tsiku limenelo mtengo sutsatiranso kuti magalasi akuyenda bwanji m'mashopu kapena kuti katswiri uti wavala Oakley pa mpikisano, umangodikira chinthu chimodzi, dilu itheka kapena ayi. November 2007 zonse zinatha, eni masheya analandira ndalama zawo ndipo Oakley inachotsedwa pa New York Stock Exchange. Lero olo utakhala ndi ndalama sungagule sheya ya Oakley, kulibe, ukafuna Oakley uyenera kugula masheya a EssilorLuxottica, kampani yomwe inabadwa Luxottica itaphatikizana ndi Essilor ya ku France, pa msika wa ku Paris ndipo mkatimo muli Ray-Ban, Persol, Oliver Peoples, LensCrafters, Sunglass Hut ndi zina zambirimbiri.

Zoti inagulidwa motchipa ine ndikukana. Mu 2006 Oakley inagulitsa katundu wa madola pafupifupi 760 miliyoni ndipo phindu lotsala atachotsa zonse linali cha m'ma 45 miliyoni. Tenga 2 biliyoni ugawe ndi 45 miliyoni, uona kuti Luxottica inalipira phindu la chaka chimodzi kuchulukitsa kopitirira ka 40. Kumeneko si kutola, nkulipira ndithu. Ndipo ambiri amalemba kuti inali hostile takeover, yolanda bodi isakufuna, koma sizoona. Bodi ya Oakley inavomera, ndipo mwini wake Jim Jannard, amene anayamba bizinesiyo mu 1975 ndi $300 akugulitsa zogwirira za njinga zamoto, anali ndi masheya oposa 60 peresenti, iye akanati ayi palibe chikanachitika. Nthawi imeneyo mkuluyo mtima unali kale ku RED, kampani yake ya makamera ojambulira mafilimu yomwe anali atayamba zaka zochepa m'mbuyomo. Yolanda yeniyeni Luxottica inapanga mu 1995 pomwe inagula US Shoe Corporation, kampani ya nsapato, pa madola 1.4 biliyoni, osati poti imafuna nsapato koma poti kampani imeneyo ndi imene inali ndi mashopu a mandala a LensCrafters. Itangotenga mashopuwo mbali ya nsapato inagulitsa.

Kwa wogula nde zimatengera. Kambiri sheya ya wogula imatsika pang'ono kapena kungokhala, chifukwa msika umaopa kuti walipira mopyola, watenga ngongole, komanso kuphatikiza makampani awiri si masewera. Koma Luxottica tsiku limenelo inakwera, anthu anaona kuti Oakley ili ndi chomwe iwo analibe, magalasi amasewero, ndipo iwo ali ndi chomwe Oakley imasowa, mashopu.

WakuJoni

Ankolo mwafotokoza bwino za 2007 koma mwadumpha pomwe pali nkhani yonse, 2001. Amene akunena kuti Oakley inafinyidwa sakunama ayi, kungoti amasokoneza zaka nkumaoneka ngati zonse zinachitika mwezi umodzi.

Oakley inalowa pa msika wa masheya mu 1995 ndipo kasitomala wake wamkulu kwambiri anali Sunglass Hut, mashopu ogulitsa magalasi a dzuwa okhaokha amene amapezeka m'ma mall ndi m'mabwalo a ndege. Pa madola asanu aliwonse omwe Oakley imagulitsa, dola pafupifupi imodzi imachokera ku Sunglass Hut. Nde mu 2001 Luxottica inagula Sunglass Hut, ndipo musaiwale kuti nthawi imeneyo inali itatenga kale Ray-Ban, mdani weniweni wa Oakley pa shelefu. Sipanatenge nthawi, anayamba kukangana za mitengo, Luxottica imafuna Oakley izipereka katundu motsikirapo, Oakley inakana, Sunglass Hut inadula ma oda. August 2001 Oakley itauza msika kuti malonda atsika chifukwa cha zimenezi sheya yake inagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Magalasi anali omwewo, fakitale ya ku Foothill Ranch ku California inali yomweyo, akatswiri amavalabe, chinasintha ndi mwini shelefu basi. Kumapeto kwa chaka chomwecho anagwirizananso nkusainirana pangano la zaka zitatu, koma phunziro linali litalowa.

Zili ngati mayi wokazinga mandasi amene amakasiya beseni lake pa grocery ya pa stage, zikuyenda bwinobwino, kenako grocery ija nkugulidwa ndi neba wake amene nayenso amakazinga mandasi. Sangamuthamangitse tsiku lomwelo, koma beseni la ndani likhala kutsogolo pa kauntala?

Oakley inayesetsa ndithu kudziimira, inatsegula mashopu akeake, inagula timashopu ta magalasi tina, inalowa mu nsapato, zovala, mawotchi, mu 2006 inagula Oliver Peoples. Koma mashopu a Luxottica anali masauzande. Nde ine ndikamamva kuti bodi inavomera mwaufulu ndimati inde inavomera, koma inavomera ikudziwa kuti njira yaikulu yofikira kwa kasitomala ili m'manja mwa amene akufuna kuigulayo. Premium ya 16 peresenti si yaikulu, madilu ambiri amafika 25, 30 kapena kuposa, ndipo dzifunseni kuti ndi ndani wina akanabwera kudzapikisana ndi Luxottica pa mtengo, akudziwa kuti akapambana mawa lake akagogoda pa chitseko cha Sunglass Hut kupempha malo.

Kuno ku Johannesburg Sunglass Hut ili m'ma mall ambiri. Ukalowa umaona ngati pali mpikisano, apa Ray-Ban, apo Oakley, uko Prada, Versace, Dolce & Gabbana, Armani, khoma lonse magetsi ali phuliphuli, aliyense ndi kachikwangwani kake. Koma tenga imodzi uone mkati mwa kamwendo kopita kukhutu, ufufuze kuti anapanga ndani, upeza kuti ambiri mwa amenewa ndi nyumba imodzi, ena ndi ake enieni ena amapanga pa laisensi ya makampani a mafashoni. Shopu ndi yawo, katundu ndi wawo, nde uzinenerera mtengo kwa ndani?

NaBanda_wa_Accounts

Achimwene a Dzungu, mbali ya masheya akufotokozerani, ine ndiyankhe ya phindu poti ndi imene anthu amaisokoneza kwambiri.

Choyamba mudziwe kuti brand ikamezedwa, phindu lake palokha simulionanso. Oakley ili payokha imatulutsa malipoti miyezi itatu iliyonse, aliyense amatha kuona kuti yagulitsa zingati, yatsala ndi zingati. Italowa mu Luxottica manambala ake anasakanizidwa ndi a ena onse, lipoti limangonena za gulu lonse, mbali yopanga ndi kupikulitsa, mbali ya mashopu, madera a dziko. Nde munthu akakuuzani kuti phindu la Oakley linakwera ndi maperesenti akutiakuti chaka chakuti mumufunse kuti wazitenga kuti.

Chomwe tingakambe bwino ndi njira zomwe phindu limakulira, ndipo chitsanzo chooneka bwino ndi Ray-Ban osati Oakley. Luxottica inagula Ray-Ban kwa Bausch & Lomb mu 1999 pa madola 640 miliyoni, nthawi imeneyo dzina litafooka kwambiri, magalasi amagulitsidwa mpaka pa ma filling station ku America pa $19, ndipo kapangidwe kanali katalowa pansi. Luxottica inapanga chinthu chomwe poyamba chimaoneka ngati kudzipweteka, inachotsa Ray-Ban m'malo ogulitsira pafupifupi 13,000, inasamutsira ntchito yopanga ku mafakitale ake ku Italy, inakonza zipangizo, kenako nkuyamba kukweza mtengo pang'onopang'ono ndi kuika magalasiwo m'mashopu apamwamba. Aviator yotsika mtengo inali $79 mu 2000, pofika 2009 inali $129. Anayambanso kuika magalasi a maso, olembedwa ndi dokotala aja, m'mafelemu a Ray-Ban, zomwe zinabweretsa makasitomala ena osiyana ndi a dzuwa. Pofika 2014 Ray-Ban yokha imagulitsa zoposa ma euro 2 biliyoni pa chaka, pomwe mu 2000 inali cha m'ma 250 miliyoni. Ndiye funso lanu loti amangokweza mtengo basi, yankho ndi loti mtengo anakwezadi, palibe kubisa, koma mtengo okha sukanachulukitsa malonda ka 8. Anthu ambiri anagula, m'maiko ambiri, chifukwa dzina linabwerera ndipo mashopu oligulitsa analipo kale.

Njira ina ndi yomwe a WakuJoni akuidandaula, koma m'mabuku imaoneka yokoma. Oakley ili payokha imagulitsa kwa Sunglass Hut pa mtengo wopikulitsa, phindu la pa kauntala limatsala kwa mwini shopu. Zitaphatikizana, kuyambira ku fakitale mpakana pa risiti ya kasitomala ndalama yonse imagwera thumba limodzi. Onjezani kuti sipafunikanso ma ofesi awiri a zachuma, ogula zipangizo awiri, magalimoto awiri opita shopu imodzi. Luxottica inauza msika kuti ikuyembekezera kupindulapo ma euro pafupifupi 100 miliyoni pa chaka pakatha zaka zitatu, ndipo lonjezo ngati limenelo ndi limene limapangitsa munthu kulipira ka 40 osachita mantha.

Koma pali mbali yowawa yomwe sinenedwa tsiku la chisangalalo. Ndalama zogulira Oakley zambiri zinali ngongole, nde chiwongola dzanja chimayamba kudya phindu mwezi oyamba omwe pomwe zopulumutsa zija zimabwera mochedwa. Komanso ukalipira 2 biliyoni pa kampani yomwe nyumba, makina ndi katundu wake sizikufika pamenepo, yotsalayo imalembedwa m'mabuku ngati mtengo wa dzina ndi goodwill, ndipo tsiku lomwe ma auditor adzaone kuti brand sikubweretsa zomwe munalota mumayenera kuidula, phindu la chaka chimenecho nkutsika nayo. Nde taonani nthawi yake. Dilu inatha November 2007, chaka chotsatira chuma cha dziko lonse chinagwa, anthu ku America anasiya kugula zinthu zosafunika kwenikweni ngati magalasi a $150, phindu la Luxottica linatsika ndipo pofika kumayambiriro kwa 2009 sheya yake inali itataya kuposa theka la mtengo wa pakati pa 2007. Amene analandira $29.30 yake kashi anali atatuluka nyumba isanapse. Pa chifukwa chimenechi ine ndili mbali ya Ankolo, eni masheya a Oakley sanaberedwe, kungoti zina mwa izo unali mwayi wa nthawi osati nzeru. Luxottica nayo inadzuka, zaka zotsatira sheya inakwera kupitirira pomwe inali, koma inafunika kupirira zaka.

Dzina la Oakley silinafe ayi. Mukukumbuka anthu 33 a mu mgodi ku Chile aja mu 2010, atakhala pansi masiku 69, potuluka onse anavala Oakley kuteteza maso ku kuwala, dziko lonse likuonera pa TV.

Dzungu265

Zikomo kwambiri nonse, zayamba kulowa. Ankolo pali ziwiri zomwe zandisiya m'malere. Mwati sheya inakwera kufika "pafupi" ndi $29.30, bwanji osafika penipenipo poti mtengo ukudziwika kale? Nanga ine ndili ndi masheya anga ochepa, sindikufuna kugulitsa chifukwa ndikuona kuti kampani ili ndi tsogolo, angandikakamize? Achemwali a NaBanda mwanditsegula maso pa nkhani ya ngongole, sindimaganiza kuti wogula atha kuvutika chonchi.

Ankolo_Masheya

Kampata kameneko ndi malipiro a kudikira ndi mantha. Ndalama yobwera November siifanana ndi ndalama ya m'manja mu June, komanso pakatipo pali zambiri zomwe zingasokoneze, mabungwe oona za mpikisano pa malonda atha kukana kapena kuika zovuta, eni masheya atha kuvota ayi, wogula atha kusowa ndalama kapena kusintha maganizo. Dilu ikafa sheya imabwerera komwe inachokera, pena kutsikirapo. Nde kampata kakakhala kakang'ono ndekuti msika ukukhulupirira kuti zitheka, kakakula dziwa kuti anthu akununkhiza vuto. Pali anthu ntchito yawo ndi yomweyo, kugula sheya itangolengezedwa nkumadikira kamtengo kotsalako.

Chitsanzo chili m'nyumba yomweyi. Mu July 2019 EssilorLuxottica inagwirizana zogula GrandVision, kampani ya mashopu a mandala ya ku Netherlands, pa ma euro 28 pa sheya, zonse pamodzi kupitirira 7 biliyoni. Kenako Covid inabwera, mashopu anatsekedwa, awiriwa anayamba kukokerana ku khoti, wogula akuti simukutipatsa zikalata zoonetsa mmene mukuyendetsera bizinesi, ogulidwa akuti mukungofuna pothawira. Nthawi yonseyo sheya ya GrandVision imayenda pansi pa 28 ija ndi kampata koonekeratu, poti palibe amene amadziwa mathero ake. European Commission inavomera koma inalamula kuti agulitse mashopu pafupifupi 350 ku Belgium, Italy ndi Netherlands. June 2021 oweruza mkanganowo anati EssilorLuxottica ili ndi ufulu otuluka mu dilu, anthu nkuganiza kuti basi zatha kapena atsitsa mtengo, koma masiku ochepa okha inalengeza kuti igulabe ndipo pa 1 July 2021 inamaliza kugula gawo lalikulu la masheyawo. Zaka ziwiri munthu uli ndi sheya yomwe mtengo wake ukutsatira maloya osati malonda.

Za kukakamizidwa, malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma njira yake imafanana. Ngati ndi kuphatikiza makampani kodzera mu voti, ngati mmene zinalili ku Oakley, voti ikadutsa sheya iliyonse imasanduka kashi, wavota inde kapena ayi, umangopeza ndalama mu akaunti. Ngati wogula akuchita kugula kwa mmodzimmodzi utha kukana, koma m'maiko ambiri akafika pa 90 kapena 95 peresenti lamulo limamulola kutenga zotsalazo pa mtengo omwewo. Ndipo olo asafike, kukhala ndi sheya ya kampani yomwe yachotsedwa pamsika nkovuta, ugulitsa kwa ndani, dividend aganiza ndani?

Uonetsetsenso kuti akulipira ndi chani. Oakley inali kashi, walandira wapita, za mtsogolo sizikukukhudza. Koma pomwe Luxottica imaphatikizana ndi Essilor ya ku France, opanga magalasi a maso a Varilux aja, zomwe analengeza January 2017 nkumaliza October 2018, panalibe kashi, sheya iliyonse ya Luxottica inasinthidwa ndi pafupifupi 0.46 ya sheya ya kampani yatsopanoyo. Pamenepo umakhalabe mkati, zabwino ndi zoipa zomwe. Tsiku lolengeza masheya onse awiri anakwera, koma mu 2019 Leonardo Del Vecchio, amene anayambitsa Luxottica ku Agordo mu 1961, anakangana poyera ndi Hubert Sagnières wa ku Essilor pa nkhani yoti alamulire ndani, ndipo sheya inavutika mpakana anagwirizana.

Poti watchula za kwathu, ona kuti ikugulidwa ndi kampani iti kwenikweni, mayi kapena mwana. Mu 2016 Associated British Foods inagula masheya onse otsala a Illovo Sugar ya ku South Africa pa R25 iliyonse nkuichotsa pa msika wa Johannesburg. Amene anali ndi masheya a Illovo Sugar Malawi sanalandire R25 imeneyo, kampani yawo ndi ina, inakhalabe pa Malawi Stock Exchange, chinasintha ndi umwini wa kampani ya pamwamba ija.

WakuJoni

Achemwali a NaBanda sindikutsutsa manambala anu, kwa mwini sheya wa 2007 zinayenda. Koma inu mukuwerenga thumba la amene anatuluka, ine ndikuona amene anatsala. Zopulumutsa mukunenazo, ma ofesi awiri kukhala imodzi, ndi anthu amenewo. Zaka zoyamba Oakley anaisiya iziyenda payokha ku Foothill Ranch, koma cha mu 2015 ndi 2016 anayamba kuphatikiza zenizeni, ntchito zina zinasamutsidwira ku ma ofesi a Luxottica ndipo anthu anachotsedwa. Zimenezi pa lipoti zimalembedwa ngati phindu lakwera.

Ndipo nkhani yoti mwini njira ndi amene amagwira mtengo wa sheya yako siinathere pa Oakley. Taonani Safilo, kampani inanso ya ku Italy yopanga magalasi. Zaka zambiri imapanga magalasi a Gucci pa laisensi ndipo imadya bwino. September 2014 Kering, eni ake a Gucci, anati tiyamba kupanga tokha, pangano tilithetsa msanga, tikupatsani ma euro 90 miliyoni opepesera. Sheya ya Safilo inagwa ndi pafupifupi kota tsiku limodzi, popanda oigula, popanda takeover iliyonse. Kering Eyewear, kampani ya magalasi yomwe Kering anakhazikitsa, mu 2022 inagula Maui Jim yomwe inayambira ku Hawaii, imodzi mwa ma brand akuluakulu a magalasi a dzuwa omwe anali atatsala paokha. Costa, brand inanso ya magalasi a dzuwa, nayo inali itatengedwa kale ndi Essilor, nde Essilor itaphatikizana ndi Luxottica, Costa inakapezeka nyumba imodzi ndi Oakley, omwe amalimbirana asodzi ndi anthu a panyanja omwewo.

Nde a Dzungu pa timasheya tanuto musamangodikira tsiku lolengeza. Tsegulani lipoti la pachaka muone kuti kampani yanu imagulitsa kwa ndani, kasitomala mmodzi akutenga gawo lalikulu bwanji, laisensi kapena dzina lomwe ikugwiritsa ntchito ndi la ndani ndipo pangano litha liti, komanso mwini masheya wamkulu ali ndi maperesenti angati, chifukwa akakhala ndi oposa theka ngati Jannard, tsiku logulitsa ndi mtengo adzasankha ndi iyeyo inu muzidzangomva pa wailesi.

NaBanda_wa_Accounts

Pa za ogwira ntchito sindikukanani achimwene, ndi zoona ndipo zimapweteka, amene amasainira dilu si amene amalandira kalata. Pomwe ndikusiyana nanu ndi poganiza kuti Oakley ikanakhala payokha bwenzi zili bwino. Phindu la 45 miliyoni pa malonda a 760 miliyoni ndi masenti 6 okha pa dola, kwa kampani yogulitsa magalasi odula chonchija nzochepa, nsapato ndi zovala zija zimadya ndalama osabweza mokwanira, ndipo 2008 ikanaipeza ili yokha ndi mashopu ake ochepa. Lero Ray-Ban ndi Oakley ndi amene Meta, eni Facebook, inasankha kuikamo makamera ndi ma speaker, anayamba ndi Ray-Ban mu 2021, Oakley inalowa mu 2025, ndipo pangano lotere limapita kwa amene ali ndi mafakitale ndi mashopu dziko lonse, kampani ya pa Foothill Ranch payokha sikanalipeza mophweka.

A Dzungu kuonjezera pa zomwe a WakuJoni akuuzani kuti muone mu lipoti, tsiku lomwe kampani yanu idzakhale yogula osati yogulidwa, pitani pa tsamba la ngongole muone kuti ndi ya ndalama yanji, ya kwacha kapena ya madola, ndipo chiwongola dzanja chake nchokhazikika kapena chimasintha. Luxottica imagulitsa kwambiri ku America nde ngongole ya madola imabwezedwa ndi madola omwe imapeza konko, koma kampani yopeza makwacha ikakongola madola kuti igule inzake, kwacha ikangogwa ngongole ija imafufuma usiku umodzi ndipo dividend yanu ndi imene imayamba kudulidwa.